Mafunso ndi Mayankho: Kumanga Batire la Drill ndi Grinder Panokha

Kuno ku Kasungu amisiri ambiri, akalipentala, okhoma malata, owotcherera zitseko ndi mawindo, ngakhale oika sola m'midzi ya ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, ali ndi drill kapena grinder yabwinobwino imene ikungokhala chifukwa batire lake linafa. Makinawo alibe vuto. Batire latsopano la kampani yake ndi limene silipezeka pafupi, ndipo mukalipeza ku Lilongwe mtengo wake umakubwezani. N'chifukwa chake anthu safuna kusiya kufunsa za kumanga batire pawokha. Ntchitoyi ndi yotheka ndithu, ndipo ine ndimafuna amisiri anzanga aidziwe. Koma maselo a lithium akalakwiridwa amayaka moto wovuta kuzimitsa, choncho mayankho ena pansipa ndi oletsa, ndipo ndaletsa mosabisa mawu.

Batire langa lasiya kutchajika. Chafa n'chiyani kwenikweni?

Mukatsegula chigoba cha pulasitiki mupezamo zinthu zitatu: maselo obulungira ooneka ngati mabatire a tochi, timalamba tachitsulo towalumikiza, ndi kabodi kamagetsi pamwamba pake. Nthawi zambiri chimene chafa ndi selo limodzi kapena awiri, ena onse ali moyo. Tengani multimeter muyeze selo lililonse palokha. Mukhoza kupeza anayi akuonetsa 3.8V, limodzi likuonetsa 0.6V. Tchaja ikaona kusiyana kotere imakana, n'kumangophethira nyali yofiira. Nthawi zina maselo onse amakhala bwino, koma kalamba kamodzi kanathothoka batire litagwa kuchokera padenga, kapena madzi analowa kabodi n'kuchita dzimbiri. Musagule kanthu musanayeze.

Ena amalemba 18V, ena 20V. Kodi a 20V ndi amphamvu kwambiri?

Ayi, mkati ndi chimodzimodzi. Selo limodzi la lithium limawerengedwa kuti ndi la 3.6V, likadzaza limafika 4.2V. Maselo 5 olumikizidwa mondondozana, mutu wa ili kumchira wa linzake, kumene amisiri amati series, amapereka 18V, ndipo akangochoka pa tchaja amafika 21V. Makita ndi Bosch amalemba 18V, Ingco ndi Total amalemba 20V, koma onsewo ndi maselo 5. Tima drill ting'onoting'ono tolembedwa 12V kapena 10.8V tili ndi maselo 3.

Maselo ofala ndi a 18650, kutanthauza mamilimita 18 kunenepa kwake, 65 kutalika kwake. Mabatire ena atsopano ali ndi a 21700, okulirapo, ndipo amenewa sangalowe m'chigoba cha 18650.

Nanga 2.0Ah, 4.0Ah, 5.0Ah?

Nambala imeneyi ikunena kuchuluka kwa moto umene batire limasunga. La 2.0Ah limakhala ndi mzere umodzi wa maselo 5 a 2000mAh (1000mAh ndi 1Ah). La 4.0Ah lili ndi mizere iwiri, maselo 10, awiriawiri atagwirana mutu ndi mutu, mchira ndi mchira, kumene amati parallel. La 5.0Ah ndi maselo 10 a 2500mAh. Ubwino wa mizere iwiri si kukhalitsa kokha. Katundu amagawana, selo lililonse limasenza theka, ndiye silitentha kwambiri. Grinder ndi sowo yozungulira musamazipatse batire la mzere umodzi.

Ndili ndi mabatire akale a laputopu. Mkati mwake muli maselo a 18650 omwewo. Sindingagwiritse ntchito amenewa?

Funso limeneli ndi limene limabwera kwambiri, ndipo ndi pamene anthu ambiri amaonongera ndalama ndi nthawi. Kukula kwake n'kofanana, ma volt ake n'ngofanana, koma anapangidwira ntchito zosiyana. Laputopu imakoka moto pang'onopang'ono kwa maola angapo. Maselo ake ambiri sanapangidwe kuti azitulutsa kupitirira ma amp 5 kapena pafupi pamenepo. Drill ikamaboola phaso la bulugamu louma, kapena grinder ikamadula chitsulo, imakoka ma amp 20 ngakhale kupitirira, makamaka pamene yalimbidwa n'kutsala pang'ono kuima. Mu batire la mzere umodzi, moto wonsewo umadutsa m'selo lililonse.

Chimene chimachitika n'chakuti batire la maselo a laputopu limaoneka bwino patebulo. Mukayeza likuonetsa 21V, mukadina drill ikuzungulira mokoma. Mukangoikanikiza pathabwa, ma volt amagwa, drill imaima, maselo amatentha moti simungawagwire. Mkati mwa maselo ambiri muli kachitetezo kamene kamadula moto mpweya ukachuluka, ndipo kakadula selolo lafa basi. Kakalephera kudula ndi pamene pamabuka moto.

Maselo oyenera ndi amene amatchedwa high drain, opirira kutulutsa moto wambiri nthawi imodzi. Odziwika ndi Samsung 25R, wa 2500mAh wopirira ma amp 20. LG HG2, wa 3000mAh wopiriranso ma amp 20. Samsung 30Q, wa 3000mAh wopirira ma amp 15. Ndi a VTC5A ndi VTC6 amene anali a Sony, tsopano akupangidwa ndi Murata chigulireni fakitale za mabatire za Sony mu 2017. Gwero lina labwino, limene anthu amaliiwala, ndi mabatire ena akufa a drill. Mukaphwasula awiri kapena atatu a mtundu umodzi, mukhoza kupezamo maselo amoyo okwanira batire limodzi. Maselo a laputopu asungireni tochi, wailesi ndi nyali za m'nyumba, kumeneko amagwira ntchito bwino kwambiri.

Ndingadziwe bwanji kuti maselo amene ndikugula ndi enieni?

Yambani ndi nambala yolembedwapo. Selo lenileni la 18650 silipitirira kwenikweni 3500mAh. Mukaona lolembedwa 6800mAh kapena 9900mAh, ndi labodza, musavutike n'kuliyesa. Chachiwiri ndi kulemera. Lenileni limalemera magalamu pafupifupi 45. Abodza ambiri amapepuka kwambiri, mumamva ndi m'manja momwe mukawayerekeza. Kasikelo kakang'ono ka digito kamakuthandizani pamenepa. Chachitatu, yang'anani kumitu. Ngati pali zipsera zopalidwa pamene panali powotcherera, selolo linachotsedwa mu batire lina n'kuvekedwa pulasitiki watsopano.

Choyezera chenicheni ndi tchaja yoyeza, monga LiitoKala Lii-500 kapena Opus BT-C3100. Imadzaza selo, n'kulikhuthula, n'kukuuzani ma mAh amene latulutsa. Ngati mukufuna kumamangira anthu mabatire kuti muzipezapo ndalama, chipangizo chimenechi mugule musanagule china chilichonse. Maselo akale muwadzaze mpaka 4.2V, muwalembe nambala ndi chekeni, muwasiye milungu iwiri. Limene latsika lokha pansi pa 4.0V likutaya moto mkati, lichotseni pagulu. Limene limatentha potchaja lichotseninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha: milungu iwiriyo musaidumphe.

Bwanji osangosintha selo limodzi lafalo, enawo n'kuwasiya?

Zimatheka, koma sizikhalitsa. Mukamanga ng'ombe yamphamvu ndi yokalamba pa goli limodzi, ngolo imayenda pa liwiro la yokalambayo, ndipo ndi yomweyo imayamba kugwa. Selo lofooka limatha moto msanga pamene anzake akadali nawo, limadzazanso msanga potchaja, ndiye tsiku lililonse ndi limene limapanikizika. Ngati batirelo ndi latsopano ndithu ndipo mwapeza selo la mtundu womwewo ndi msinkhu wofanana, sinthani limodzilo. Ngati lagwira ntchito zaka, sinthani onse, a kampani imodzi, nambala imodzi. Musasakanize a 2000mAh ndi a 3000mAh.

Ndinaona pa YouTube akudzutsa batire lakufa polilumikiza ndi lamoyo. N'zoona?

Limadzuka, inde, chifukwa ma volt amakwera mpaka tchaja kulivomera. Koma selo limene latsika pansi pa 2V n'kukhala choncho nthawi yaitali limaonongeka mkati, kopa wake amasungunuka n'kudzamera timinga timene tingashotetse selolo tsiku lina lili pa tchaja. Kunja simuona kanthu. Ine selo lotere sindilibwezera mu batire la munthu, ndipo inunso musatero.

Ndifunika zipangizo ziti?

Multimeter, screwdriver ya Torx yokhala ndi kabowo pakati chifukwa mabatire ambiri amamangidwa ndi zomangira zoterozo, pulayazi yaing'ono, timalamba ta nickel, timapepala tobulungira tomata kumutu kwa selo, tepi yosapsa ya Kapton, magalasi oteteza maso, spot welder, ndi ndowa yachitsulo ya mchenga pambali panu. Mphete ndi wotchi yachitsulo muvule musanayambe.

Spot welder ndilibe. Soldering iron siingakwane?

Pano ndiyankhe mofatsa, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri soldering iron ndi imene muli nayo. Vuto ndi kutentha. Spot welder imadutsitsa moto wambiri pa kadontho kakang'ono kwa kanthawi kosakwana n'kuphethira komwe, ndiye kalamba kamamatika selo lisanamve kutentha. Soldering iron imatenthetsa chitsulo chonse, ndipo pansi pomwepo pali kapulasitiki kopyapyala kolekanitsa mbali ziwiri za selo, komanso kamphira kotseka kumutu. Zimenezi zikaonongeka, selo limayamba kutaya moto lokha kapena kudontha, ndipo simudziwa mpaka papite miyezi.

Masiku ano kuli tima spot welder ting'onoting'ono totengera moto ku batire la galimoto la 12V. Ngati simungathe kugula nokha, sonkhani amisiri atatu kapena anayi, kazikhala pa shopu ya mmodzi. Mukawotcherera, yesani kaye pa selo lakufa: kokani kalambako ndi pulayazi. Kakang'ambika n'kusiya tizidutswa tomatirira paselo, kagwira. Kakangosomphoka bwinobwino, onjezani mphamvu. Pa mutu uliwonse ikani madontho osachepera anayi.

Timalamba nato tili ndi nkhani yake. Ambiri ogulitsidwa ngati nickel ndi chitsulo wamba chongopakidwa nickel pamwamba, ndipo chimatentha moto ukachuluka. Maginito sangakuthandizeni kusiyanitsa chifukwa nickel nayenso amagwidwa ndi maginito. Kandani kachidutswa n'kukaviika m'madzi amchere usiku umodzi kapena awiri; chitsulo chimachita dzimbiri, nickel ayi. Kapena kagunditseni pa grinder: chitsulo chimathetheka kwambiri. Kalamba kamodzi kopyapyala ka 0.15mm sikokwanira moto wa drill. Sanjikizani awiri, kapena pezani okhuthala ndi otambalala mofanana ndi amene munachotsa.

Ngati zavutitsitsa ndipo mukumata ndi soldering iron, ikhale yamphamvu, yamutu waukulu, yotentha kale bwino. Palani pamalopo, pakani flux (mankhwala othandiza kuti mtovu umate), gundani kwa masekondi awiri kapena atatu okha n'kuchotsa, dikirani lizizire. Iron yofooka ndi yoopsa kwambiri chifukwa imakukakamizani kukhalitsa paselo. Komabe batire lomata chonchi ine sindingaligulitse kwa munthu.

Ndiyambire pati pomanga?

Musanadule kanthu, jambulani batire lakalelo ndi foni mbali zonse, ndipo lembani papepala kumene waya aliyense akupita. Timawaya ting'onoting'ono tochokera pakati pa maselo kupita ku kabodi ndi timene kabodi kamaonera selo lililonse, ndipo mukasinthanitsa tiwiri, kabodi kamapsa nthawi yomweyo. Pochotsa maselo akale dulani kalamba kamodzi panthawi, mutu wodulawo n'kuukutira ndi tepi.

Maselo atsopano akhale pa ma volt ofanana, kusiyana kwake kusapitirire 0.05V, makamaka amene mukuwalumikiza awiriawiri. Ndi bwino kumanga ali pafupi 3.6V, osati odzaza.

Pali malo amodzi amene ndikufuna muwayang'anitsitse. Tengani selo mulione kumutu. Kabatani kapakatiko ndi positive. Koma mkombero wozungulira kabataniko, pansi pa pulasitiki wokutira, ndi negative, chifukwa thupi lonse la selo ndi negative. Pakati pa ziwirizi pali mpata wochepa kwambiri. Kalamba ka nickel kamadutsa pamwamba pa mkomberowo, ndipo drill ikamanjenjemera tsiku ndi tsiku, m'mphepete mwa kalambako mumacheka pulasitiki pang'onopang'ono mpaka kukhudza chitsulo. Pamenepo selo lashota lokha, batire lili m'chikwama kapena pansi pa mpando wa minibasi. Kapepala kobulungira kaja ntchito yake ndi imeneyi. Musasiye mutu ndi umodzi womwe wopanda kapepalako, ndipo selo limene pulasitiki wake wang'ambika livekeni wina.

Sanjani maselo m'kachimango kake kakale monga mwa chithunzi chija, onetsetsani kawiri kuti mitu yayang'ana koyenera, ndiye wotchererani. Mukamaliza yezani: kuchokera ku negative yaikulu muzipeza 3.6, 7.2, 10.8, 14.4, 18. Kenako lumikizani kabodi kuyambira ku negative kukwera m'mwamba, pokhapokha ngati kabodi kanu kali ndi malangizo ena. Kasensa ka kutentha, kamene kamaoneka ngati kamkanda kakuda pa timawaya tiwiri, kabwerere pamalo pake kakukhudza selo. Kutchaja koyamba kuchitikire panja, pasimenti kapena padothi, inu muli pomwepo mukuligwiragwira.

Kabodi kakale ndikasunge kapena ndigule kabodi kena koteteza maselo, kamene amati BMS?

Ngati kali moyo, kasungeni, chifukwa ndi kamene kamamvana ndi tchaja ndi drill yanu. Dziwani kuti makampani amasiyana. Ena amaika chitetezo chonse mu batire, ena amaika mbali yaikulu mu drill ndi mu tchaja. Palinso mabodi amene amadzitseka okha akaona selo lafa kapena tchaja ikakana kangapo, ndipo satsegukanso ngakhale muike maselo atsopano. N'chifukwa chake batire likakanidwa, musamaliumirize kulibwezera pa tchaja mobwerezabwereza. Mabodi olowa m'malo amagulitsidwa pa mtundu uliwonse wodziwika. Sankhani oyang'anira selo lililonse, osati ongoona ma volt onse pamodzi.

Chimene ndikukanitsitsa ndi kulambalala kabodi, kulumikiza maselo molunjika ku mapini kuti drill ingozungulira. Ndi kabodi kameneka, kokha kapena mothandizana ndi tchaja ndi drill, kamene kamaletsa selo kupitirira 4.2V ndi kutsika pansi pa 2.5V.

Drill yanga ndi yakale, ya mabatire a NiCd. Ingasinthidwe?

Ingasinthidwe, ndipo imapepuka m'manja. Selo la NiCd ndi la 1.2V, choncho la 18V lili ndi maselo 15, la 14.4V lili ndi 12, la 12V lili ndi 10. M'malo mwake mumaika a lithium 5, 4 kapena 3. Drill yakaleyo ilibe chitetezo chilichonse cha lithium, ndiye BMS ndi yokakamiza, ndipo ikhale yopirira ma amp 30 kapena 40, apo ayi izingodula mukakanikiza. Tchaja yakale ya NiCd musaigwiritsenso ntchito pa batire limeneli. Pezani ya lithium ya 21V pa maselo 5, 16.8V pa 4, 12.6V pa 3, ndipo lembani pachigoba ndi zilembo zazikulu kuti mkati muli lithium, kuopa mnyamata wanu wa pa ntchito angaliike pa tchaja yakale.

Kwa amene drill yanu ndi ya 12V ndipo mumagwirira pamalo amodzi, pali njira yachidule: ichotseni maselo, ikani waya wokhuthala wokhala ndi fyuzi, muzikoka moto ku batire la galimoto kapena la sola.

Kwathu kulibe magetsi a ESCOM. Ndingatchajire pa sola?

Mungathe, koma osati molunjika ku panelo. Panelo yotchedwa ya 12V ikakhala padzuwa yosalumikizidwa imaonetsa 21V kapena 22V, ndipo anthu akaona nambala imeneyi amati yafanana ndi batire la drill. Panelo ilibe chodziwira kuti maselo adzaza. Tchaja ya laputopu ya 19V nayonso si tchaja ya maselo, musaiyese. Njira yabwino ndi panelo kudzaza batire la sola kudzera pa controller, kenako inveta, kenako tchaja yeniyeni ya drill. Matchaja ena sagwirizana ndi ma inveta otchipa, amalira kapena kutentha. Mukaona zotere siyani, pezani ya pure sine wave. Makampani ena amapanganso matchaja olowa ku 12V ya galimoto. Powerengera, batire la 18V 5.0Ah limasunga 90Wh (ma volt kuchulukitsa ndi ma Ah), la 2.0Ah 36Wh, ndiye sola ya panyumba yapakatikati imakwanitsa masana.

Kutentha kwa mu Okutobala kumaononga batire?

Kwambiri. Maselowa amafuna kutchajidwa pakati pa madigiri 0 ndi 45. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi kuno si vuto, vuto ndi Okutobala ndi Novembala. Okhoma malata, batire losinthira musalisiye padenga. Malata masana amawotcha dzanja, ndiye ganizirani za selo lotsekeredwa m'pulasitiki wakuda. Lisiyeni pansi pamthunzi. Limene langochoka pa grinder lizizire kaye musanaliike pa tchaja. Ngati ntchito yaima nthawi ya dzinja ndipo muli kumunda, lisungeni lili ndi moto wa theka, pouma, n'kumaliyeza pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Likayamba kufuka utsi nditani?

Zizindikiro zake ndi kutentha kopitirira pamene silikugwira ntchito, fungo lotsekemera la mankhwala, kulira kwa mpweya wotuluka, kapena chigoba kufufuma. Zulani tchaja ku magetsi. Ngati likadali logwirika, litengeni ndi fosholo, osati ndi manja, mukaliike panja padothi, kutali ndi udzu, mafuta ndi ana. Likayaka, maselo amayatsana limodzi ndi limodzi ndipo ena amathamanga ngati chipolopolo, ndiye imani patali. Thirani madzi ambiri kuti otsalawo azizire, kapena likwirireni ndi mchenga. Utsi wake ndi wapoizoni, musaime kumene mphepo ikupita. Likazima musalibwezere m'nyumba, limatha kuyambiranso patapita maola.

Kuno kwathu ndiwonjezere ichi: musatchajire m'chigafa kapena m'chipinda mosungira mabelo a fodya, musatchajire pansi pa denga la udzu usiku anthu ali m'tulo, ndipo musaike batire pa matiresi kapena pa mulu wa tizipalo ta matabwa.

Kodi kumanga n'kotchipadi kuposa kugula?

Ngati ndi batire limodzi lokha ndipo mulibe chipangizo chilichonse, ayi. Pitani nalo kwa amene ali nazo kale. Ngati muli ndi makina angapo kapena mukufuna kumangira anzanu, zipangizozo zimabweza ndalama yake. Poyerekeza mtengo, yerekezani ndi batire lenileni la kampani, osati ndi otchipa ongofanizira aja, amene ambiri amalemba ma Ah oposa zimene zili mkati.

Maselo akufa ndiwataye kuti?

Osati pamoto, osati m'chimbudzi, osati kudzala kumene ana amatola zoseweretsa ndipo zinyalala zimatenthedwa. A NiCd ali ndi cadmium, poizoni amene amalowa m'nthaka ndi m'madzi a pachitsime. A lithium, ngakhale ooneka akufa, amakhala ndi kamoto kotsalira kokwanira kushota. Matani tepi mitu yonse iwiri ya selo lililonse, muwaike m'chitini chokhala ndi mchenga wouma, chivundikiro chosatsekedwa kwambiri, ndipo chitinicho chikhale panja pa nyumba pamalo osanyowa. Akachuluka, funsani ku ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo kumene angalandiridwe. Ogula zitsulo zakale muwauze kuti ndi maselo a lithium musanawapatse, chifukwa iwo amaphwanya ndi hamala katundu amene agula.